Makina a 110 pa Khoma la 230

Makina osokera amene mayi telala anawadikira miyezi inayi anafika Lolemba m'mawa, ukwati wa mwana wawo uli Loweruka lomwelo. Anawatumizira ndi mng'ono wawo amene amagwira ntchito kunja. Anali makina amagetsi, oyera mbee, opepuka moti munthu n'kuwanyamula ndi dzanja limodzi. Koma chimwemwe sichinapite patali. Pulagi yake inali ndi timano tiwiri taphanthiphanthi, ndipo pa soketi ya pakhoma inakaniratu kulowa.

Mayiwa anali atasoka kwa zaka makumi awiri ndi zisanu pa makina opalasa ndi mapazi, m'kachipinda kakumaso kwa nyumba yawo. Akwatibwi ambiri a mumsewumo anavekedwa ndi iwo. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anamulonjeza akadali pasukulu kuti diresi lake la ukwati sadzabwereka kapena kugula, adzasoka ndi mayi ake. Nthawi ija tsopano inali itakwana, koma mawondo anali atayamba kukana kupalasa, ndipo makina akale aja ankatafuna nsalu yoterera. Atayesa pa kachidutswa, kanatuluka kokwinyika ngati kalavulidwa ndi mbuzi. Nsalu ya diresi inali itadulidwa kale, zidutswa zake zili pathebulo, zobayidwa ndi mapini. Ina yoti n'kudulanso panalibe.

"Inu, tabwerani muone izi," mayi telala anaitana amuna awo.

Bambowa ankakonza njinga pakona pa msewu, ndipo pa njinga anali katswiri weniweni. Vuto lawo linali loti sankakhulupirira kuti pali chinthu chimene chingawakanike. Aliyense ankangowatchula kuti a Ndimatha, iwo n'kumavomera mosangalala. Wotchi yapakhoma ya m'nyumbamo, chiikonzereni iwo, inkathamanga ndi mphindi makumi awiri, ndipo banja lonse linazolowera kuchotsera pamtima.

A Ndimatha anaitembenuza pulagi ija kawiri n'kuseka. "Zomwezi ndiye mwakwinyira nkhope? Magetsi ndi magetsi, amayi. Mano okhawa ndi amene asiyana."

Mayi telala asanayankhe, bambo aja anali atatola sizasi n'kudula chingwe pafupi ndi pulagi.

"Sizasi yanga ya nsalu imeneyo mukudulira waya?"

"Ndiinola, musadandaule."

Anachotsa pulagi pa nyale yakale ya pathebulo imene inasiya kuyaka kalekale, n'kuimanga pa chingwe cha makina. Mwana wawo, mwini ukwati, anaima pakhomo atagwira foni kuti ajambule, awatumizire mayi ake aang'ono. Swichi itatsegulidwa, kababu ka makina kanawala mochititsa khungu. Mayi telala anangokhudza chopondera ndi chala chachikulu cha kuphazi, singano n'kuthamanga ngati yapenga, makina onse akunjenjemera pathebulo. Kenaka kunamveka kuti phwa, kababu kaja kanathima, chipinda chonse chinangoti zii. Kafungo ka chinthu chopserera kanayamba kumveka.

Mayi telala anachotsa phazi pa chopondera. Anayang'ana zidutswa zoyera zija, n'kuwerenga masiku ndi zala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Anachita mantha, osati pang'ono.

A Ndimatha anatsegula pulagi n'kutulutsamo kanthu kooneka ngati kachidutswa ka choko. "Ndaliona vuto. Kafyuzi aka n'kofooka, kapsa. Timangirapo kawaya basi, ndi mmene aliyense amachitira. Kaya pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, limagwiranso. Amayi, tapitani kwa Namagetsi mukapemphe kawaya kakopa, ine ndikhale ndikupukuta apa."

Namagetsi anali mayi wachitsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene anaphunzira ntchito yolumikiza magetsi m'nyumba. Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi a kuntchito kwake okha. Mayi telala anamupeza akuchapa ovolosi pampopi wa panja, poti tsikulo anali pa tchuthi.

"Aneba, mungandigaireko kawaya kakopa? Kakang'ono, kotalika chala chimodzi."

"Kawaya kotalika chala chimodzi," anabwereza Namagetsi, akupukuta thovu m'manja. "Amayi, aliyense wopempha kawaya ka msinkhu umenewo amakhala akufuna kumanga pa fyuzi. Chapsa n'chiyani?"

Atamva nkhani yonse, sanapereke kawaya. Anatenga chikwama chake cha zipangizo, n'kutsogola yekha.

Atalowa anawapatsa moni a Ndimatha mwaulemu, n'kuonetsetsa kuti swichi ya pakhoma yatsekedwa ndipo palibe cholumikizidwa. Kenaka anapendeketsa makina aja, n'kuloza kachitsulo kolembedwa kamene kanali kumbuyo kwake.

"Bambo, tandiwerengereni apa."

A Ndimatha anavala magalasi. "Palembedwa 110, ndi chilembo cha V. Pansi pake pali 1, ndi chilembo cha A."

Namagetsi anatulutsa kamita kake koyezera magetsi, n'kulowetsa mosamala timitu take tiwiri pa soketi, n'kutsegula swichi. Kamitako kanaonetsa 230.

"Mwaona? Makinawa anapangidwira dziko limene magetsi ake amakankha ndi mavoliti 110. Khoma lathuli limakankha ndi 230. Timano tija sitinasiyane mwangozi, tinkakuchenjezani."

"Kukankha chiyani?" anafunsa a Ndimatha. "Magetsi ndi moto basi. Ukabwera wabwera, ukathima wathima."

Namagetsi anafuna malo oika chikwama, ndiye mkwatibwi anasuntha chidutswa chimodzi cha nsalu yoterera ija. Nsaluyo inathetheka n'kumukakamira pamkono, iye n'kudzidzimuka.

"Imatero masiku onse," anatero mayi telala. "Makamaka kunja kukauma. Nthawi zina imandilumanso ku zala."

"Ndiye kuti inu magetsi mumawadziwa kale, amayi," anatero Namagetsi akumwetulira. "Tiyambire pomwepo. M'chinthu chilichonse, nsalu, waya, ngakhale thupi lanu, muli tinthu ting'onoting'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Tinthu timeneti tili ndi chimene timati chaji. Chaji chilipo cha mitundu iwiri, pulasi ndi mainasi, ngati mmene amalembera pa batire. Nthawi zambiri ziwirizi zimakhala zofanana kuchuluka kwake, ndiye simumva kanthu. Koma mukakwecha nsalu iyi pa inzake, tinthu tina ta mainasi timachoka uku n'kukaunjikana uko. Pulasi ndi mainasi zimakokana, n'chifukwa chake nsaluyi yamukakamira mwanayu. Tinthuto tikadumpha kubwerera, ndi kuthetheka kumene mwamvaku."

"Zoona? Zaka zonsezi ine ndimati ndi nsalu yamwano," anatero mayi telala.

Namagetsi anawaitanira onse pawindo. Kuseri kwa mpanda kunkaoneka thanki ya madzi pamwamba pa nsanja yake yachitsulo, paipi ikutsikira kumpopi.

"Tayang'anani thanki iyo. Madziwo tinene kuti ndi chaji. M'paipi madzi amakhalamo kale ngakhale mpopi uli chitsekere, ndipo m'waya namonso tinthu tija timakhalamo kale. Mukatsegula mpopi, madzi amayamba kuyenda. Chaji chikamayenda m'waya, imeneyo ndiye karenti. Kuchuluka kwa chimene chikudutsa pa sekondi iliyonse timayeza ndi maampu, ndiye A mwawerenga uja. Makina anuwa amafuna ampu imodzi."

"Nanga V?" anafunsa mkwatibwi.

"Madzi aja amayenda chifukwa pali chowakankha, thanki ili pamwamba. Mphamvu yokankhayo m'magetsi timati voliteji, ndipo timayeza ndi mavoliti. Tsono bambo, inu mukakweza thanki iyo kufika kawiri kutalika kwa pamene ilipo, kapaipi kakang'ono kapulasitiki kali komweko, chingachitike n'chiyani?"

A Ndimatha anakanda kumutu. "Madzi angabwere mwaukali. Kapaipiko kangathe kuphulika." Kenaka anawonjezera okha. "Ngati chubu cha njinga ukachipopa mopitirira."

"Basitu. Mwawapopa makinawa kupitirira kawiri. Voliteji ikakwera, karenti yodutsa m'timawaya ta m'kati imachuluka, timawayato timatentha. Kababu kapsa chifukwa cha zimenezo."

Anatola kafyuzi kaja n'kukaika pachikhatho cha mayi telala.

"Aka musakanyoze. M'kati mwake muli kawaya kamene anakapanga dala kukhala kofooka, kuti karenti ikachuluka kasungunuke koyamba, njira iduke. Sikanapse chifukwa cha ulesi, kagwira ntchito yake. Mukanamangapo waya wokhuthala, chotsatira kupsa ikanakhala mota ya makina. Mota ikanapanda kupsa msanga, chingwe chikanayaka, ndipo taonani chimene chili pafupi ndi chingwecho."

Onse anayang'ana nsalu yoyera ija pathebulo. Mayi telala anadzigwira pakamwa. A Ndimatha anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera kale.

Mkwatibwi anafunsa chimene chinkamuzunguza mutu. "Anti, ngati kuthetheka kwa nsalu ndi magetsi omwewo, bwanji sikupha munthu?"

"Funso labwino. Voliteji ya kuthetheka kuja imatha kufika masauzande, kuposa ya pakhoma. Koma chaji chake n'chochepetsetsa, ngati kadontho kamodzi kogwa kuchokera padenga. Kakugunda, katha. Za pakhoma sizitha, zimangobwerabe ngati mpopi wosatseka, ndipo karenti ikamadutsa m'thupi osaleka imatha kuimitsa mtima. Ndiye pakhoma osaseweretsapo zala, makamaka zonyowa."

Mayi telala anali atamva zonse, koma mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. "Aneba, tandiuzeni zoona. Makinawa afa?"

Namagetsi anayeza mawaya a mota ndi kamita kake kwa kanthawi. "Waya wa m'kati sanaduke, ndipo kafungo kaja kakuchokera pa kababu. Koma sindikunamizani, tidziwa zenizeni akalandira mavoliti ake. Pakufunika thiransifoma, kabokosi kamene kamalandira 230 n'kutulutsa 110." Anang'amba pepala m'kabuku ka miyezo ka mayi telala n'kulemba. "Ikhale yolowa 230, yotuluka 110, ya mawati osachepera 300. Mawati ndi mavoliti kuchulukitsa ndi maampu, ndiye makinawa amafuna 110, koma timasiya mpata. Ine mawa ndili kuntchito mpaka masana."

"Ndipita ndine," anatero a Ndimatha, mawu ali pansi. "Ndine ndinadula chingwe."

Lachiwiri linali tsiku lalitali. A Ndimatha ananyamuka m'mamawa pa njinga, pepala lili m'thumba la malaya. Mayi telala anakhala pawindo n'kumalumikiza zidutswa ndi singano ya pamanja, msoko wautaliwautali wongogwiriziza. Ankadziwa kuti diresi lonse ndi manja sangalimalize pofika Loweruka, ndi lesi yense wokongoletsera, ndi zipi, ndi mpendero wa mamita asanu. Njinga iliyonse ikalira belu mumsewu ankadzutsa mutu. Mwana wawo anabwera ndi tiyi n'kunena kuti, "Amayi, zikavuta ndikabwereka, musadzipweteke." Iwo anangopukusa mutu, chifukwa akanayankha misozi ikanagwera pa nsalu.

Bambo aja anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, katoni yaing'ono itamangidwa ndi mphira pa kaliyala. Anayamba kufotokoza asanatsike n'komwe.

"Masitolo atatu, amayi, onse kundipatsa kanthu kamodzimodzi, ka adaputa. Akuti 'bambo, aka kalowetsa pulagi iliyonse, n'chimodzimodzi.' Wa sitolo yachitatu mpaka anandikulungira m'pepala. Kunena zoona ndinatsala pang'ono kutenga, miyendo inali itatopa. Koma nditakanyamula ndinamva kuti n'kopepuka ngati bokosi la machesi. Ndiye ndinamufunsa kuti, 'Achimwene, akaka kamasintha mano okha, kapena kamatsitsanso mavoliti?' Ndinamuuza kuti thanki ikadali pamwamba pomwepo, wangosintha kukamwa kwa mpopi."

"Iye anamva?"

"Za thanki sanamve. Koma anandilozera kwa mkulu wina wokonza mawailesi kuseri kwa msika, ndi kumene ndapeza iyi."

Thiransifomayo inali yolemera ngati njerwa. Namagetsi atabwera anawerenga zolembedwa pambali pake, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Anabwezeretsa pulagi ya timano tiwiri ija pa chingwe cha makina, n'kulumikiza mwaukatswiri, osati zongopota ndi kukulunga pulasitiki. Kababu kopsa kaja anakachotsa. Anayeza potulukira pa thiransifoma, kamita n'kuonetsa 110. Atatero analowetsa pulagi ya makina, ndipo timano tija tinalowa bwinobwino popanda kukakamiza.

"Pondani, amayi."

Mayi telala anaika kachidutswa koyeserera pansi pa singano. Anaponda pang'onopang'ono, ndipo singano inatsika, n'kukwera, n'kutsikanso, modekha. Anawonjezera pang'ono, makina n'kuyamba kulira kamawu kosalala. Atatulutsa kachidutswa kaja, msoko unali wowongoka, wopanda khwinya ngakhale limodzi. Anakatembenuza kuti aone kuseri, nakonso kunali chimodzimodzi. Mtima wawo unakhala pansi, ndipo anaseka mpaka kutsamira pathebulo.

"Kababu ka 110 n'kovuta kupeza kuno," anatero Namagetsi akulongedza zipangizo. "Muzisoka pawindo, masana. Mukamaliza muzithimitsa thiransifoma pakhoma, ndipo musamaiphimbe ndi nsalu, imafuna mpweya."

Anasokadi pawindo masiku atatu. A Ndimatha ananola sizasi ija monga analonjezera, ndipo anainola bwino, poti zimenezo ndiye ankazithadi. Lachisanu masana mayi telala anadula ulusi womaliza wa mpendero, n'kupachika diresi kuseri kwa chitseko.

Loweruka m'mawa nyumba inadzaza ndi azimayi. Msuweni wa mkwatibwi, amene ankakonza tsitsi la operekeza, anapeza choumitsira tsitsi chatsopano pansi pa katoni imene munabwera makina muja. Mayi aang'ono aja anaikamo ngati mphatso, osanena. Msuweniyo anali ndi adaputa yake m'chikwama, ndipo mayi telala, ali ndi mapini kukamwa, anamuona akuwerama kuti alowetse pakhoma. Asanalavule mapini kuti alankhule, anamva mawu a amuna awo pakhomo.

"Taima kaye, mwanawe. Bweretsa kuno tiwerenge."

A Ndimatha, ali m'suti yawo ya ukwati, anavala magalasi n'kuzondotsa choumitsiracho. "110. Pakhoma ayi."

"Ndiye tilowetse pa kabokosi ka makina aka, amalume."

"Dikira." Anawerenganso, milomo ikuyenda. "Mawati 1,500. Kabokosi aka ndi ka 300. Mavoliti akugwirizana, koma chinthu ichi chimakoka karenti yambiri, maampu opitirira khumi. Kangapse kabokosi kathu. Pita kwa Namagetsi ukabwereke chake, n'cha konkuno."

Namagetsi anali ataima kumbuyo kwawo, atavala diresi la maluwa m'malo mwa ovolosi. Anangoti, "Ine ndilibe chowonjezera," n'kupita kukatenga.

Mkwatibwi atatuluka m'chipinda atavala diresi lija, azimayi onse anasiya zimene ankachita. Linamukhala ngati anabadwa nalo. Mayi telala anazungulira kawiri, akuwongola apa, kukoka apo, ngakhale panalibe chofunika kukonza. Zimene analonjeza mwana wasukulu uja zinali zitaima patsogolo pawo, ndipo anakondwa kwambiri moti sanabise misozi.

"Amayi, mwalisoka ndinu," anatero mwanayo chapansipansi.

"Ndalisoka ndine, mwanangu."

A Ndimatha anatambasula dzanja kuti amugwire mwana wawo pamkono, apite naye ku galimoto. Nsalu ija inathetheka n'kuwaluma ku chala. Anadumpha pang'ono, anthu n'kuseka.

"Musaope, ndi chaji chabe," anatero akukonza tayi. "Kadontho kamodzi. Tiyeni, tichedwa."

"Pa wotchi yanu ija ndiye tachedwa kale," anayankha mayi telala, ndipo anatseka swichi ya pakhoma asanatuluke.

Chiyambire tsiku limenelo, m'nyumba muja simulowetsedwa chinthu chachilendo pakhoma asanachizondotse n'kuwerenga. Phunziro lake n'lomweli kwa tonsefe. Chaji ndi chimene chimayenda, karenti ndi kuchuluka kwa chimene chikuyendacho, voliteji ndi mphamvu yochikankha. Musanalumikize chipangizo, onani ngati mavoliti ake akugwirizana ndi a pakhoma panu, chifukwa adaputa imasintha mano okha, simatsitsa voliteji. Fyuzi ikapsa, fufuzani chimene chaipsereza, n'kuikapo fyuzi ina ya mlingo womwewo, osati waya kapena pepala lonyezimira. Ndipo pamene simukudziwa, funsani amene anaphunzira ntchito ya magetsi. Mayi telala anapita kukapempha kawaya, ndipo mwayi wawo unali woti amene anamupemphayo anayamba wafunsa kuti n'kachiyani.